Mawu a Pansi pa Chithunzi

Mutu 6

1. Mzere umodzi

Kusekondale ya Otter Bend, tauni yaing'ono ya m'nkhalango kudziko lozizira, aliyense wa kalasi yomaliza amapatsidwa mzere umodzi. Chaka chikamatha, sukulu imasindikiza buku lachikuto cholimba la zithunzi za omaliza onse, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse pamalembedwa mawu amene mwini wake wasankha. Ena amaseketsa anthu. Ena amathokoza amayi awo. Ambiri amasankha mawu achikondi, popeza munthu akakhala pausinkhu umenewu amadziona katswiri pankhaniyi.

Bukulo silithera kusukulu. Limakakhala kometetsera tsitsi, podikirira kuchipatala, ndi pashelefu m'nyumba iliyonse ya m'tauni. Munthu amatha kuchita dazi anthu akumuitanabe ndi mawu amene analemba ali mwana.

Sitolo ya mawu oterewa anali Aili Koskela. Kuyambira chaka chimene amayi ake anamwalira, Aili ankatola mawu achikondi pa intaneti n'kumasunga mufoni. Wosowa cholemba ankabwera kwa iye, ndipo ankachoka atathandizidwa. Chodabwitsa chinali chakuti mwini sitoloyo anali asanapereke ake. Linali Lachinayi, ndipo tsiku lomaliza kupereka mawuwo linali mawa lake.

"Iwe, ndipatseko anga," anatero Shayna, mnzake wapamtima, akuika mbale yake patebulo nthawi ya chakudya chamasana. "Koma asakhale olira kwambiri. Amayi anga angaganize kuti ndili ndi mimba."

Aili anatsegula foni. "Chikondi ndi nyumba yopanda khomo lotulukira."

"Imeneyo ndi ndende, mwali. Ena."

"Mtima wanga ndi chipale chofewa, iwe ndiwe dzuwa langa."

"Ndiye ndisanduke matope? Waona mmene kukuonekera panjapo?"

Asanapeze ena, panafika Colton Kangas, chibwenzi cha Aili. Awiriwa anawalumikiza ndi alifabeti. M'kalasi mwawo munalibe dzina lina pakati pa Kangas ndi Koskela, motero kuyambira kumkaka ankawakhazika moyandikana, kuwaimika moyandikana pamzere, ngakhale katemera ankabayidwa motsatizana. M'bukumo zithunzi zawo zinkayenera kukhalanso moyandikana.

"Bebi, anga ndapereka kale kwa Mayi Dufresne," anatero Colton akukhala pambali pake. Mayi Dufresne ndiwo aphunzitsi oyang'anira bukulo. "Ndalemba theka. Theka linalo ndi lako. Munthu akawerenga pansi pa chithunzi changa, azimalizira pansi pa chako."

"Walemba chiyani?"

"Wokonda zenizeni sachoka. Iwe ulembe kuti: ndipo ine sindidzachoka."

Shayna anasiya kutafuna. "Nanga yunivesite?"

Aili anali atapatsidwa malo ophunzira unamwino kuyunivesite ya kummwera, kutsidya kwa mlatho waukulu, ulendo wa tsiku lathunthu pagalimoto. Anali asanavomere. Colton ankatsala kuti azidula mitengo ndi bambo ake.

"Nkhani imeneyo ndi yathu, Shayna. Iwe idya," anatero Colton. Kenaka anagwira dzanja la Aili. "Mawuwa ndinawapeza mufoni mwako momwemo. Unati ndi abwino. Ukalemba, aliyense adziwa kuti za kummwera zatha, ndipo asiya kukuvutitsa ndi mafunso. Kapena sundikonda?"

"Ndimakukonda."

"Basi, lemba."

2. Agwape

Madzulo Aili anapeza bambo ake, a Dale, atagwada m'matope pambali pa galimoto yakale imene Aili ankayendera, akuyeza mpweya wa matayala. A Dale ankayendetsa lole yonyamula mitengo. Anali munthu woti akayankhula ziganizo zitatu motsatizana, anthu ankafunsa ngati akudwala.

"Ababa, ndikupita kwa azakhali. Akufuna wowathandiza kuumba zitumbuwa za nyama za kutchalitchi."

"Tayala lakumbuyo linachepa mpweya. Ndawonjezera."

"Zikomo."

Analowa m'galimoto. Bambo ake anagogoda pazenera, iye n'kutsitsa galasi, akudziwa kale zimene amve.

"Samala agwape."

Aili analiza injini. Mawu amenewa ankamuwawa ngati dzino lobooka. Ku Otter Bend aliyense amawanena. Msewu uliwonse umadutsa m'nkhalango, ndipo palibe banja lomwe silinaphwanyepo galimoto pagwape. Koma kwa Aili mawuwa anali ndi chilonda chakechake.

Amayi ake, a Joanne, anamwalirira kuchipatala chachikulu cha mumzinda Aili ali m'chaka choyamba cha sekondale. Madzulo omaliza, Aili anaima pambali pa bedi akudikira kumva mawu oti adzasunge moyo wake wonse. Amayi ake anamuyang'ana, anayang'ana amuna awo, n'kunena motsitsa kuti, "Pitani kusanade. Samalani agwape." M'mawa mwake foni inalira.

Mawu omaliza a mayi kwa mwana wake mmodzi yekhayo anali a nyama zakutchire. Mwezi womwewo ndiwo Aili anayamba kutola mawu achikondi a anthu ena.

3. Kukhitchini kwa azakhali

Azakhali ake, a Marlys, anali mchemwali wamkulu wa a Dale. Khitchini yawo inali itadzaza fungo la anyezi. Patebulo panali ufa wokanda, nyama yogaya ndi mbatatesi zoduladula.

"Samba m'manja, mwana wa mchimwene wanga. Foniyo uike kutali, sindikufuna chitumbuwa cholira."

Anayamba ntchito. Aili ankaika nyama, azakhali n'kumapinda m'mphepete ndi chala chachikulu.

"Ndamva kuti ukukwatiwa m'buku," anatero a Marlys osadzutsa mutu.

"Wakuuzani ndani?"

"Amayi ake a Shayna. Kuno nkhani imayenda msanga kuposa ambulansi. Tanena mawuwo ndimve."

Aili anawanena. Azakhali anapukuta manja pa epuloni n'kukhala pansi.

"Khala pansi nawenso. Ndiyankhula kamodzi, sindidzabwereza.

"Sindikuuza kuti umusiye Colton. Ndi mwana wolimbikira ntchito, ndipo chipale chikagwa amabwera kudzandikumbira njira ndisanamupemphe. Akuopa kutsala yekha, ndipo mantha amenewo ndi enieni. Koma taona chimene wakupempha. Sanakupemphe kuti umulonjeze muli awiri m'galimoto, pamene mungadzakambiranenso zinthu zikasintha. Akufuna lonjezolo lisindikizidwe. Akufuna kuti ukadzanyamula chikwama, wometa tsitsi adziwe kuti waphwanya mawu ako, wogulitsa mafuta adziwe, abusa adziwe. Munthu wotero sakudalira chikondi chako, mwana wanga. Akudalira manyazi ako. Akulemba tauni yonse ntchito yaulonda.

"Ukatsala kuno chifukwa wafuna, ndidzavina paukwati wako mpaka mawondo atakana. Koma ukatsala chifukwa cha mzere wa m'buku, tsiku lina udzaimirira pasinki ukutsuka mbale, udzamuyang'ana mwamuna ameneyo, ndipo udzamuda. Iye sadzadziwa chimene walakwa. Mudzakhala mwaphana nonse ndi mawu okoma."

"Koma bola iye amanena," anatero Aili. "Amanena kuti amandikonda. M'banja muno ndani ananenapo? Ababa amangodziwa matayala. Amayi anali ndi mpata umodzi wotsiriza, ndipo anautaya pa agwape."

A Marlys anakankhira ufa pambali.

"Ndiye ndi zimene wakhala utasenza zaka zonsezi?"

"Ndinalipo, azakhali. Ndinamva ndekha."

"Unamva theka. Iwe unatuluka, ine ndinatsala. Sunandifunsepo, ndipo vuto lathu anthu akuno ndi loti timadikira kufunsidwa.

"Masana a tsiku limenelo adokotala anali atawauza amayi ako kuti mwina sakuona kucha. Ankadziwa. Ndipo ankaopa, usaganize kuti sankaopa. Anandigwira dzanja mpaka zala zanga zinachita dzanzi. Akanatha kunena kuti, ‘Musandisiye, gonani pompano.’ Ndani akanawadzudzula? Koma anayang'ana iwe, kamwana koti kagona pampando sabata yonse, kakuwonda maso akuona. Anayang'ana Dale, maso ali psuu chifukwa cha tulo. Anakumbukira msewu wa m'nkhalango uja, mwezi wa Novembala, nthawi imene agwape amathamanga ngati openga. Sanafune kuti muyende mumdima, komanso sanafune kuti uone mathero. Ndiye anakuthamangitsani kukadali kowala.

"Mutatuluka analira. Kenaka anayamba kundifunsa, ‘Afika?’ Ndimati ayi, sanafike. Pakapita kanthawi, ‘Marlys, afika?’ Namwino anabwera ndi mankhwala ogonetsa, iwo anakana. Anati adikire kaye. Dale atandiimbira kuti mwalowa m'nyumba, ndinawauza. Anati, ‘Chabwino.’ Ndipo pamenepo ndiye analola kugona.

"Ife akuno mawu akuti ndimakukonda amatikakamira pakhosi ngati fupa. Si chinthu chonyadira ayi, bwenzi tikuwanena. Koma poti amakana kutuluka, timawasandutsa zina. Wina amakuyatsira galimoto m'mawa kuti uipeze yofunda. Wina amagwada m'matope kuyeza matayala. Ndipo ukamachoka pakhomo, timati samala agwape. Tamvetsa bwino mawu amenewo. Sitinena kuti usapite. Timati pita, koma ukafike wamoyo, chifukwa ukapanda kufika ine ndatha.

"Mawu ali mufoni mwakowo analemba anthu osakudziwa. Ena ndi abwino, sindikukana. Koma uziwayesa chonchi: kodi mawuwa akumuperekeza munthu, kapena akumutsekera chitseko? Ndamaliza. Zitumbuwa zikudikira."

Aili anaika nyama pa ufa, koma sankaona bwinobwino. Chitumbuwa chimenecho chinatuluka chopindika. A Marlys anachiika mu uvuni pamodzi ndi zinzake.

4. Tsamba la K

Lachisanu, belu lomaliza litalira, Aili analowa m'chipinda cha Mayi Dufresne. Anawapeza ali pakompyuta, magalasi ali pansonga ya mphuno.

"Koskela! Wagawira kalasi yonse mawu, iwe wekha n'kutsala wopanda. Bwera uone."

Anamuonetsa tsambalo. Kumanzere kunali Colton, atavala tayi yobwereka kwa bambo ake, akumwetulira. Pansi pake panali theka lake lija. Kumanja kunali Aili, ndipo pansi pake panali poyera.

"Colton anandiuza zoti ndilembe pamenepa," anatero aphunzitsiwo. "Ndinamuuza kuti pansi pa nkhope ya munthu pamalemba mwini nkhope. Chaka chilichonse ndimawachenjeza ana: chibwenzi chimatha kutha, tsitsi limasintha, koma bukuli mudzalipeza adzukulu anu akuliwerenga. Sandimvera. Khala apa, ulembe wekha."

Aili anakhala pansi. Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Colton: "Walemba?" Anaiika chafufumimba patebulo, ndipo analemba mawu awiri.

Samalani agwape.

Mayi Dufresne anawerenga tsamba lonse kuchokera kumanzere kupita kumanja, monga mmene tauni yonse idzawerengere. Anavula magalasi.

"Ena adzaseka, ukudziwa?"

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

"Ena sadzaseka. Ine bambo anga ankanena omwewa." Anakhosomola pang'ono. "Koma mawu a mnzakoyu atsala olendewera. Ndikhala muno mpaka atabwera otseka zitseko. Akafuna kusintha, abwere. Ukamuuze wekha, asadzamve kwa ena."

5. Poimika magalimoto

Colton anali atatsamira pikapu yake, akutaya makiyi m'mwamba n'kumawakha. Ataona nkhope ya Aili, anasiya.

"Walemba?"

"Ndalemba. Koma osati aja."

Anamuuza. Colton anaseka kaye, akuyesa nthabwala. Kenaka kuseka kunazima.

"Agwape? Ine ndikukupatsa moyo wanga wonse, iwe ukundiyankha za agwape?"

"Ndi mawu a amayi anga, Colton. Ndikupita kummwera. Ndikufuna ndikaphunzire, ndipo sindikufuna kukunamiza pamaso pa anthu onse. Sindinanene kuti chibwenzi chatha. Ndizibwera patchuthi, tiziimbirana..."

"Onse amatero. Mchemwali wanga anatero. Panopa timamuona pa Khirisimasi ngati mlendo."

"Mayi Dufresne akadali m'kalasi. Ungathe kukasintha ako. Tiye limodzi, ndikuthandiza kupeza ena."

"Undithandize? Kuchokera m'sitolo mwako muja?" Maso ake anali atafiira. "Ayi. Akhale momwemo. Aliyense adzawerenge kuti wokonda zenizeni sachoka, kenaka ayang'ane chithunzi chakumanja aone amene anachoka."

"Colton, chonde."

Analowa m'pikapu n'kumenyetsa chitseko. Injini inabangula, matayala anamwaza matope. Sanakhotere kumanzere kopita kwawo. Analowera kumanja, msewu wa m'nkhalango, kumene chipale chinali chitasungunuka m'mbali ndipo msipu wokopa agwape unali utayamba kuphuka.

Aili anathamanga pang'ono pambuyo pake.

"Samala agwape!" anakuwa.

Mawuwo anatuluka okha, asanawaganizire. Aka kanali koyamba kuwanena kwa munthu. Mawindo a pikapu anali otseka.

6. Patebulo

Madzulo a Dale anatenthetsa zitumbuwa zimene a Marlys anawapatsira. Chopindika chija anadziikira okha. Ali mkati modya, Aili anaika foloko pansi.

"Ababa, ndavomera malo aja. Ndipita kuyunivesite."

A Dale anapitiriza kutafuna. Anameza, anamwa khofi, anayang'ana pazenera pomwe panaima galimoto yakale ija.

"Matayala amenewo sangafike kummwera," anatero. "Tipeza ena."

"Ababa."

"Mm?"

"Ndamva. Zikomo."

Bambo ake anamuyang'ana, ndipo kukhosi kwawo kunayenda ngati pali chinthu chikufuna kutuluka. Chinakana. M'malo mwake anamukankhira botolo la sosi, ngakhale kuti Aili anali atathira kale.

Kunja kunali kutayamba kuchita chisisira pamene foni ya Aili inalira. Anaitembenuza akuyembekeza dzina la Colton. Linali dzina la amayi ake a Colton, amene anali asanamuimbirepo chiyambire.

"Aili, mwana wanga, pepa kukusokoneza," anatero mayiwo, mawu ali mwamba. "Colton ali kumeneko? Bambo ake akumudikira chichokereni kusukulu, ndipo foni yake ikungoitana."

Aili anayang'ana bambo ake. A Dale anali ataimirira kale, akutenga makiyi a galimoto ndi tochi.